ANTCHITO OSALIPIDWA A M'MUNDA WA ZIPATSO NDI WA TIYI

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu adaunenera anthu, koma aliyense amene adagulapo mango m'mwezi wa Disembala m'mbali mwa msewu wa ku Salima akudziwa kuti umakhudzanso zipatso zenizeni. Kunja bango ndi losalala ndi lakupsa bwino, koma ukalidula ndi mpeni upeza mbali imodzi yafewa ngati phala, timphutsi toyera tikuyendayenda m'menemo. Wogula amangolitaya nagula lina. Wolira ndi mlimi, pakuti wamalonda wa m'tauni amene wapikula dengu lotere sabweranso kachiwiri, ndipo za msika wa kunja kwa dziko ndiye n'zosayamba n'komwe.

Mlimi akaona zotere, nzeru yoyamba kumufikira ndi ya botolo: kugula mankhwala, kubwereka mpope, ndi kupopera mtengo wonse kufikira chilichonse choyenda chitagwa pansi. Sitikunena kuti mankhwala alibe ntchito ai. Chimene tifuna kuti awerengi athu aone n'chakuti m'munda wa zipatso ndi m'munda wa tiyi muli antchito ena amene sali m'kaundula wa kapitao ndipo salandira kanthu pakutha pa mwezi, komabe ndiwo amagwira gawo lalikulu la ntchito yoteteza mbewu. Kawiri konse, m'maiko otalikirana, alimi adazindikira phindu la antchito amenewa atawapha kale ndi manja awo.

Palibe kachilombo kopanda mdani. Nsabwe zimene zimayamwa masamba a mandimu zimadyedwa ndi tizikumbu tozungulira ta mawanga, timene ana amakonda kuseweretsa pa chikhatho. Mbozi imagwidwa ndi mbalame, kangaude ndi chiswamphika. Koma adani oopsa koposa ndi amene sitiwaona kawirikawiri: timavu tating'onoting'ono, tina tochepa ngati mutu wa singano, timene sitiluma munthu ndipo sitimanga chisa. Kamavu kakakazi kamaboola thupi la mbozi kapena la nsabwe n'kuikiramo dzira, ndipo mwana wake amakulira momwemo akudya mwini thupi kufikira amutsiriza. Kumene kachilombo ndi adani ake akhala limodzi zaka zosawerengeka, kachilomboko kamakhalapo ndithu, koma sikachuluka mofika poononga munda. Tsoka limadza pamene kachilombo kaoloka nyanja pa mbande kapena pa chipatso, n'kusiya adani ake kumudzi kwawo.

Anthu a ku Nkhata Bay, kumene nsima ndi kondowole, adaziona zimenezi pakati pa zaka za m'ma 1980 pamene kodikodi adapinimbiritsa minda ya chinangwa. Kodikodi kwawo ndi ku South America, ndipo mu Africa adayamba kuoneka cha ku Congo kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Akatswiri adakapeza mdani wake ku Paraguay, kamavu kotchedwa Anagyrus lopezi, ndipo atakayesa mosamala adakamasula ku Nigeria mu 1981, kenaka m'maiko ena ambiri kuphatikizapo Malawi. Dr Hans Herren, amene adatsogolera ntchitoyi, adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Koma nzeru imeneyi siidayambire pa chinangwa. Idayambira pa malalanje, zaka pafupifupi 100 m'mbuyo mwake.

Mu 1868 anthu a ku California, m'dziko la America, adaona pa mitengo ina nsabwe yachilendo yomata pa nthambi, yokoka kathumba koyera ngati thonje kodzaza ndi mazira. Dzina lake la sayansi ndi Icerya purchasi. Pofika zaka za m'ma 1880 nsabweyi inali itakuta minda ya malalanje kotero kuti mitengo inkaoneka ngati yathiridwa ufa, masamba akuyoyoka, ndipo alimi ena adayamba kuzula mitengo yawo n'kuitentha. Mankhwala onse a masiku amenewo adalephera. Mkulu woyang'anira za tizilombo m'boma la America, Charles Valentine Riley, adaganiza kuti nsabweyi idachokera ku Australia, ndipo adafunsa funso limene aliyense akadatha kufunsa: ngati kwawoko ilipo koma siononga minda, chikuiletsa n'chiyani? Mu 1888 adatumiza Albert Koebele kukafufuza.

Koebele adapeza kachikumbu kofiira ka mawanga akuda, kakakulu ngati njere ya mapira, kamene Azungu amakatcha vedalia. Iko ndi ana ake sikadya chinthu china koma nsabwe ya mtundu umenewu ndi abale ake apafupi. Tonse timene adatumiza pa sitima ya pamadzi pakati pa kumapeto a 1888 ndi miyezi yoyamba ya 1889 tinali 514 basi. Ku Los Angeles adatiika pa mtengo umodzi wokutidwa ndi tenti, ndipo titatsiriza nsabwe za pa mtengowo adatsekula tentiyo. Alimi ankabwera ndi timabokosi kudzatenga nthambi zokhala ndi tizikumbuto kukaika m'minda mwawo. Chisanathe chaka cha 1889 nsabwe zija zinali zitagonja, ndipo malalanje otumizidwa pa njanji kuchokera m'boma la Los Angeles adakwera kuchoka pa mabogi 700 kufika pa 2,000. Ntchito yonseyo idadya ndalama pafupifupi madola 1,500.

Kwa zaka zoposa 50 palibe amene adagulanso mankhwala a nsabwe imeneyi, ndipo ana a alimi aja adakula osadziwa kuti kudali vuto lotere. Kenaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kudabwera DDT, mankhwala amene anthu adawalandira ngati chozizwitsa. Alimi a m'chigwa chachikulu cha California adawapopera m'malalanje pofuna kupha tizilombo tina, ndipo mu 1946 ndi 1947 nsabwe ya thonje ija, imene idaiwalika, idabukanso mwamphamvu. DDT adapha vedalia, nasiya nsabwe. Ndipo musaganize kuti phunziroli lidakhazikika, pakuti cha m'ma 1998 ndi 1999 mankhwala ena atsopano adachitanso zomwezo m'dera lomwelo.

N'chifukwa chiyani mankhwala amayamba kupha mlonda asanaphe mbala? Mphunzitsi wa zaulimi ayenera kuchimvetsa chinthu chimenechi, pakuti pagona nkhani yonse ndi pamenepa. Kachilombo koononga kawirikawiri kamakhala kobisala: nsabwe ili pansi pa phula lake, mbozi ili m'tsamba lopinda, mphutsi ili m'kati mwa chipatso. Mdani wake ndiye woyendayenda, tsamba ndi tsamba, nthambi ndi nthambi, akuponda mankhwala paliponse, ndipo chakudya chakenso ndi tizilombo tomwe tamwa mankhwalawo. Chachiwiri n'chakuti odyedwa amakhala ochuluka kuposa odya, monga mbewa zichulukira akadzidzi. Mwa nsabwe zikwizikwi zina zidzapulumuka, ndipo zimaswana mofulumira. Mwa tizikumbu tochepa tija mwina sipatsala n'kamodzi komwe, ndipo kotsalako kamafa ndi njala kapena kusamuka. Nsabwe zopulumuka zimapeza munda wopanda mlonda. Mlimi amapoperanso, ndipo popeza zopulumuka nthawi iliyonse ndi zimene thupi lawo lidapirira mankhwalawo, pakapita nyengo zingapo mtundu wonse umakhala wosamva mankhwala. Botolo limene lidagulidwa kamodzi limasanduka ngongole ya chaka ndi chaka.

Alimi a tiyi nawonso adadutsa njira yomweyo. Pa chilumba cha Ceylon, chimene kuyambira 1972 chimatchedwa Sri Lanka, mdani wamkulu wa tiyi kumayambiriro a zaka za m'ma 1900 inali mbozi yotchedwa Homona coffearia. Mboziyi imalumikiza masamba anthete ndi ulusi wake n'kumadya ili m'kati, ndipo masamba anthetewo ndiwo tiyi weniweni amene amapita ku fakitale. Maesiteti ankatuma antchito kutola mazira ake pamanja, ntchito yotopetsa ndi yosatha. Cha m'ma 1935 ndi 1936 akatswiri a bungwe lofufuza za tiyi la dzikolo adabweretsa kamavu kotchedwa Macrocentrus homonae kuchokera ku chilumba cha Java, kumene mbozi yomweyo inalipo koma yosavuta. M'zaka zowerengeka mbozi ija idasanduka kachilombo wamba.

Koma tiyi wa ku Ceylon adalinso ndi mdani wina, kachikumbu kofukula timauna m'nthambi ngati nankafumbwe m'chimanga. Pofuna kuthana nako, maesiteti adayamba kupopera mankhwala amphamvu otchedwa dieldrin, makamaka m'zaka za m'ma 1960. Kachikumbu kaja kadachepadi. Koma dieldrin sachoka msanga pa mtengo, ndipo adapha timavu ta ku Java tija, kotero kuti mbozi yopinda masamba idabwerera, pamodzi ndi mbozi zina zimene kale palibe adaziwerengera ngati adani a tiyi. Maesiteti adayenera kugulanso mankhwala ena ophera mbozi zimene mankhwala oyamba adadzutsa. Potsiriza dieldrin adamusiya, ndipo lero ali m'gulu la mankhwala oletsedwa ndi pangano la maiko la ku Stockholm la mu 2001.

Nkhani ya ku Ceylon ikutikhudza ife chifukwa tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo, amene adayamba kulimidwa ngati mbewu yamalonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndi chitsamba chomwecho. Munda wa tiyi umasiyana ndi wa chimanga kapena wa fodya. Chimanga chimakololedwa, mapesi n'kuuma, ndipo chilichonse chokhala m'mundamo chimayambanso pachiyambi mvula ikagwa. Tiyi amakhala wobiriwira chaka chonse, pa malo amodzi, kwa zaka makumi ambiri. Pansi pa thebulo la masamba limene othyola amayendamo pali mthunzi, chinyezi ndi zinyalala zowolerana, ndipo m'menemo akangaude, tizikumbu ndi timavu timakhazikika mibadwo ndi mibadwo ngati palibe wotisokoneza. Mbewu zochepa zili ndi mwai wotere.

Adani a tiyi wathu amadziwika bwino kwa akatswiri a bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, m'boma la Mulanje. Pali kachilombo kooneka ngati udzudzu kotchedwa Helopeltis, kamene kamabaya nsonga yanthete n'kusiya timadontho takuda, nsongayo n'kupindika. Pali tizilombo tochepetsetsa totchedwa thrips, timene timakanda masamba ophuka kumene m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Palinso timaakangaude tofiira timene timachititsa tchire lonse kuoneka ngati lapsa ndi moto, makamaka m'mbali mwa misewu ya fumbi. Timaakangaude timeneti ndiye chitsanzo chabwino cha zimene takambazi, pakuti n'chodziwika m'maiko ambiri kuti timachuluka pambuyo popopera mankhwala a gulu la cypermethrin, amene amapha adani ake koposa mmene amatiphera ito. Alimi a matimati a ku Ntcheu ndi ku Dedza angachitire umboni. Mvula yamphamvu yoyamba imatitsitsa kwambiri popanda wolipira.

Pali chifukwa chinanso chimene mlimi wa tiyi ayenera kuopera botolo. Tsamba la tiyi silitsukidwa. Likathyoledwa limafota, limaduliridwa, limasiyidwa kuti lisinthe mtundu, n'kuumitsidwa, ndipo madzi oyamba kulikhudza ndi a m'kapu ya womwa. Popeza m'nyengo ya mvula othyola amabwerera pa tchire lomwelo pakangopita sabata imodzi kapena masiku 10, nthawi yoti mankhwala achoke pa tsamba ndi yochepa. Ogula a ku Ulaya amapima zotsalira za mankhwala m'tiyi, ndipo katundu wopyola muyeso amamukana. Kulakwa kwa munda umodzi kungadetse tiyi wa alimi ang'onoang'ono mazanamazana amene masamba awo adasakanizidwa pa fakitale imodzi. N'chifukwa chake nzeru yabwino m'tiyi ndi kuyamba wayendera munda ndi kuwerenga nsonga zoonongeka, kusankha bwino nthawi yodulira matchire, kuthyola pa nthawi yake kuti mazira a tizilombo achoke pamodzi ndi nsonga, ndipo ngati kupopera n'kosapeweka, kupopera chigawo chokhacho chimene chagwidwa, kuti alonda a zigawo zina adzabwerere.

Tibwerere tsopano ku mango athu aja, pakuti kumeneko kuli mlonda amene safuna kuitanitsidwa kuchokera kutsidya kwa nyanja. M'madera otentha a m'mphepete mwa nyanja mumapezeka nyerere zofiirira za miyendo yaitali zimene zimamanga zisa m'mitengo polumikiza masamba amoyo. Zimenezi si linthumbu ai, pakuti linthumbu limayenda pansi ndipo silikhala malo amodzi. Kamangidwe kake n'kodabwitsa: zina zimakoka masamba awiri kufikira akumana, pamene zina zanyamula ana awo kukamwa n'kumawayendetsa uku ndi uku ngati singano, anawo akutulutsa ulusi womata. Mtundu wa mu Africa umatchedwa Oecophylla longinoda, ndipo uli ndi m'bale wake ku Asia.

Buku lina lakale la ku China, limene amati lidalembedwa m'chaka cha 304, limasimba kuti kumwera kwa dzikolo anthu ankagulitsa zisa za nyerere zimenezi pa msika kuti alimi akapachike m'mitengo ya malalanje. Patapita zaka mazana ambiri alimi a kumeneko ankayalanso nsungwi kuchokera pa mtengo wina kufika pa unzake kuti nyererezo zizioloka. Ku Zanzibar, m'zaka za m'ma 1950, katswiri wina wa ku Britain, Michael Way, adaonetsa kuti mitengo ya kokonati yokhala ndi nyererezi inkabereka bwino chifukwa zinkathamangitsa kachilombo koyoyola zipatso zanthete. Ndipo ku Benin, kafukufuku wa Paul Van Mele ndi anzake amene adasindikizidwa mu 2007 adapeza kuti mango a m'mitengo yodzaza ndi nyererezi anali ndi mphutsi zochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'mitengo yopanda nyerere. Chochititsa chidwi n'chakuti sizidalira kugwira ntchentche kokha. Zimasiya fungo pa chipatso pamene zayenda, ndipo ntchentche yaikazi ikalimva imaopa kuikirapo mazira.

Walira mvula walira matope. Nyererezi zimaluma, ndipo mnyamata amene adakwerapo mtengo wa mango wokhala ndi zisa zake sangazitche abwenzi. N'chifukwa chake anthu ambiri amazitentha ndi muuni wa udzu. Zimawetanso nsabwe zina chifukwa cha timadzi totsekemera timene nsabwezo zimatulutsa, monga munthu aweta ng'ombe chifukwa cha mkaka. M'munda wa tiyi, mmene manja a othyola amakhala m'masamba tsiku lonse, sitingazilimbikitse. Koma pa mango, malalanje ndi manachesi ife tikuona kuti phindu lake liposa kuluma kwake. Wothyola agwiritse ntchito ndodo yaitali yokhala ndi kadengu kunsonga, kapena adzole phulusa m'manja ndi m'miyendo. Chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri chimathandiza nyerere kufalikira, koma mitengoyo ikhale ya banja limodzi la nyerere, pakuti mabanja awiri osiyana akakumana amaphana.

Pano tichenjeze owerenga achangu. Kusamala mdani amene ali kale m'munda ndi ntchito ya mlimi aliyense, koma kubweretsa cholengedwa kuchokera ku dziko lina ndi ntchito ya boma ndi akatswiri okha. Mu 1935 anthu a ku Australia adatenga achule akuluakulu ku Hawaii kuti akadye zikumbu zoononga nzimbe ku Queensland. Achulewo sadathandize nzimbe, koma adaswana nafalikira, ndipo ululu wa pa khungu lawo ukuphabe nyama zachilengedwe za kumeneko. Vedalia ndi kamavu ka kodikodi zidapambana chifukwa zimadya mdani mmodzi yekha. Chule amadya chilichonse cholowa m'kamwa mwake.

Ntchentche imene ikuvutitsa kwambiri mango masiku ano nayonso ndi mlendo. Dzina lake ndi Bactrocera dorsalis, kwawo ndi ku Asia, ndipo mu Africa idapezeka koyamba ku Kenya mu 2003, isanafalikire pafupifupi maiko onse a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, limene Professor Thomas Odhiambo adayambitsa ku Nairobi mu 1970, lidabweretsa kuchokera ku Hawaii kamavu kotchedwa Fopius arisanus, kamene kamaikira dzira lake m'kati mwa dzira la ntchentcheyo. Koma kamavu pakokha sikangathe ntchito ngati mlimi sakudziwa moyo wa mdani wake. Ntchentche yaikazi imaboola khungu la chipatso n'kuikiramo mazira. Mphutsi zikadya n'kukhuta, chipatso chimagwa, ndipo izo zimatuluka n'kulowa m'dothi, mmene zimasanduka ntchentche zatsopano pakapita masiku ngati 10. Choncho mango owola amene timawasiya pansi pa mtengo, ati nkhumba kapena ana adzatola, ndiwo nazale ya ntchentche za mwezi wamawa, ndipo magwafa ndi manachesi amazisunga kufikira nyengo ina ya mango.

Kutola zipatso zakugwa kawiri kapena katatu pa sabata kumadula mzere umenewu. Zikhoza kukwiriridwa m'dzenje lakuya masentimita 50 kapena kuposa, kapena kumangidwa m'thumba lakuda la pulasitiki n'kuikidwa padzuwa masiku angapo. Koma njira ziwirizi zimapha ntchentche pamodzi ndi timavu timene tili m'kati mwa mphutsi zake. Pofuna kupewa zimenezi akatswiri adakonza kanyumba konga tenti, kotsekedwa mbali zonse, kokhala ndi zenera la sefa pamwamba. Zipatso zowola amaziponya m'menemo. Ntchentche zikabadwa zimakanika kudutsa pa sefayo chifukwa ndi zazikulu, ndipo zimafera momwemo, pamene timavu, pokhala tating'ono, timatuluka n'kubwerera ku mitengo. Zotsalira zimasanduka manyowa.

Chovuta n'chakuti ntchentche siidziwa malire a munda. Mlimi mmodzi akatola zipatso zake pamene mitengo ya anansi ake ili ndi mulu wa zowola pansi, wagwira ntchito yothandiza pang'ono chabe. Apa ndi pamene sukulu ili ndi mwai woposa mlimi payekha, pakuti ana a sukulu imodzi amachokera m'makomo onse a mudzi. Kalasi ikhoza kutola mango 20 akugwa pansi pa mtengo wokhala ndi zisa za nyerere, ndi ena 20 pansi pa mtengo wopanda zisa, n'kuika gulu lililonse m'ndowa yakeyake yokhala ndi mchenga wouma pansi, yovindikira ndi nsalu yopyapyala. Pakapita masabata awiri kapena atatu ophunzira awerenge zimene zatuluka m'ndowa iliyonse, asiyanitse ntchentche ndi timavu ngati tilipo, ndipo alembe ziwerengerozo pa bolodi kuti makolo adzazione pa tsiku lotsekera sukulu.